Kambedza Kooneka Katatu

1. Malo ndi amodzi

Pasukulu ija panalibe munthu wosamudziwa Wailesi. Dzina lake lenileni linkangopezeka m'kaundula basi. Anzake, aphunzitsi, ngakhale mlonda wapageti, onse ankangoti Wailesi. Chifukwa chake n'chakuti nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika nthawi yopuma inkakhala itafika kale mpaka kumakalasi a ana.

Koma abale, tisamunamizire mwana wa eni. Mutu anali nawo. M'kalabu ya sayansi katswiri anali iye kuyambira chaka chatha. Ndiye Madamu a sayansi atalengeza za mpikisano wa mumzinda waukulu, aliyense anadziwiratu kuti ulendo ndi wa Wailesi.

Malo anali amodzi okha. Aliyense ankayenera kukonza tchati chofotokoza chinthu chimodzi chakuthambo. Lamulo lalikulu linali lakuti zithunzi zikhale zenizeni, zosakonzedwa pakompyuta.

Wailesi anasankha mwezi. Masabata atatu akujambula, kudula ndi kumata. Chikwama cha paulendo anali atabwereka kale kwa azakhali ake.

Kenako kunatulukira Kamagalasi.

Ameneyu anali mtsikana watsopano, wochepa thupi, wovala magalasi okhuthala kwabasi. Ankakhala padesiki lakumbuyo, pafupi ndi tsache. Akachita mantha ankachita chibwibwi, choncho pakamwa sankatsegulapo kawirikawiri. Tsiku losankha anangoonetsa Madamu chithunzi chimodzi pafoni, n'kumanong'onezana nawo kwa kanthawi. Madamu anagwira pakamwa.

"Kumpikisano kupita mnzathu watsopanoyu," anatero Madamu. "Wailesi, tchati chako n'chabwino ndithu. Ukhala wodikirira."

Wodikirira! Mawu amenewa anamulasa ngati munga wa munsapato. Anawomba nawo m'manja, inde, koma manja ake sanamveke.

Potuluka, Mapasa anamupanikiza, wina kuno wina uku. Awa anali atsikana awiri ofanana ngati madontho a madzi, ndipo pamiseche ankangotsatira Wailesi yekha.

"Lero wailesi yatha mabatire," anatero wamkulu.

"Ikasiye chikwama kwa eni ake," anawonjezera wamng'ono.

"Ndisiyeni," anatero Wailesi. "Kamunthu kosatha kutchula ngakhale dzina lake kakanena chiyani pamaso pa anthu? Muona."

2. Mushopu ya amayi

Amayi ake a Wailesi anali ndi kashopu kochita fotokope, kusindikiza ndi kujambula zithunzi za ziphaso. Munali makina awiri, kompyuta imodzi ndi fungo la mapepala otentha. Loweruka lililonse Wailesi ankawathandiza.

Loweruka limenelo Madamu anali atachoka kupita kumaphunziro a aphunzitsi a sabata imodzi. Masana, chitseko cha shopu chinatseguka. Anali Kamagalasi, fulashi ili m'manja.

"Ndi-ndikufuna tchati chachikulu, mayi," anatero.

"Khala apo, mwanangu. Iwe, mutsegulire mnzako."

Wailesi anaika fulashi mukompyuta nkhope ili gwa. Monga mwa nthawi zonse, anayamba atulutsa kapepala kakang'ono koyesera mitundu. Atakhutira, anatulutsa tchati chachikulu. Kamagalasi anachikulunga bwinobwino, anathokoza, n'kumapita. Kapepala koyesera kaja kanaponyedwa m'katoni ya zinyalala.

Amayi atatembenuka, Wailesi anakatola. Ankafuna aone chimene chinagwiritsa Madamu pakamwa.

Chithunzicho chinali chakuda bii. Pakati panali madontho achikasu ambirimbiri, ounjikana ngati mafuta oyandama pamadzi. Mozungulira munali timizere topyapyala, tokhota ngati zikhadabo zowenga. Pansi pake panali mawu ang'onoang'ono, koma Wailesi sanawawerenge. Iye sankafuna kuphunzira, ankasaka cholakwika.

Ndipo anachipeza.

Kumanzere kunali kanthu kabuluu kooneka ngati kambedza, kokhala ndi kadontho kofiira kunsonga. Kumtunda kunalinso kambedza komweko, ndi kadontho kake. Anayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Kumunsi, m'kona, nakonso kachitatu, kotembenuka chadodolido.

Ntchito imeneyi Wailesi ankaidziwa ngati dzanja lake. Munthu akabwera kudzajambulitsa ali ndi chiphuphu pamphumi, amayi ankatenga kachigamba ka khungu losalala pachithunzipo n'kumata pachiphuphucho. Ukachita ulesi, kachigamba komweko kamaonekera kawiri kapena katatu, ndipo wodziwa amakugwira nthawi yomweyo.

"Wamata!" ananong'ona. "Kamphaka kofatsa aka, kamata!"

Anatenga cholembera chofiira n'kuzunguliza timbedza tonse titatu.

"Chimenecho n'chiyani?"

Amayi anali ataima kumbuyo kwake. Wailesi anafotokoza mofulumira, mawu akupondana. Amayi anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anazimitsa makina, chinthu chimene sankachita masana.

"Mwanawe, khala pansi. Ukudziwa zimene zimadutsa m'makina awa? Makalata akuchipatala. Makalata othetsa mabanja. Zotsatira za mayeso za anthu amene kwawo anakanena kuti anakhoza. Zaka khumi ndi ziwiri ndili pano. Nditati nditsegule pakamwa, msewu uno ungayake moto. Koma maso anga amaona inki, saona nkhani. Munthu akakupatsa pepala lake, wakupatsa ulemu wake kuti umugwirire. Ngakhale litagwera m'zinyalala, ndi lake ndithu."

"Koma amayi, ngati wabera?"

"Ngati waona cholakwika, mwini wake ali ndi makutu. Pita ukamufunse awiriwiri. Safunsa anadya phula. Ine za kuthambo sindizidziwa, ndipo iwenso sunazimalize. Koma iweyo ndimakudziwa, ndinakubereka ndine. Nkhope imeneyo si ya munthu amene wakhumudwa ndi chinyengo. Ndi ya munthu amene watola mwala ndipo akusangalala kuti wapeza woti amugende. Nsanje imayamba kudya mwini wake, mnzakeyo imamudya pomaliza. Bweza pepalalo."

"Ndamva, amayi."

Analibwezadi m'katoni. Koma kasitomala wina atalowa, amayi n'kuyatsanso makina, pepala lija linalowa m'sokosi.

3. Nkhani imera miyendo

Lolemba m'mawa Wailesi anakokera Mapasa kuseri kwa thanki yamadzi.

"Ndikuonetsani kanthu, koma musauze munthu."

"Ife?" anatero wamkulu. "Ife ndife manda."

Anaonetsa timbedza tija. Anafotokoza za chiphuphu ndi kachigamba. Mapasa anakuwa pamodzi, ndipo wamng'ono anapempha kuti angoligwirako pepalalo pang'ono.

Manda ake ati! Pa nthawi yopuma, nkhani inali yakuti Kamagalasi anamata chithunzi. Pofika masana, inali yakuti analemba ganyu munthu wa kompyuta. Poweruka, ena ankalumbira kuti kusukulu yake yakale anachita kumuthamangitsa chifukwa chobera mayeso, ndipo magalasi aja ndi oonera mayankho a anzake.

Wailesi anamva zonsezi. Ankadziwa kuti zinazo ndi zowonjezera, koma sanatsutse ngakhale imodzi.

Lachiwiri pepala lija linafika patebulo la Ahedi. Linadutsa m'manja ambiri moti palibe ankadziwa kumene linachokera. Ahedi anali munthu wabwino, koma phunziro lawo linali mbiri yakale. Anaitanitsa Kamagalasi. Chitseko cha ofesi chinali chosatseka bwino, ndipo theka la kalasi linapezeka kuti likufuna kumwa madzi pampopi wapafupi.

"Tafotokoza," anatero Ahedi. "Kanthu kamodzi kakupezeka bwanji katatu?"

"Ndi ku-ku-kuwala, Ahedi. Kwa-kwa-kwapindika."

"Kuwala kupindika? Mwana iwe, ine ndakula ndi tochi. Sindinaonepo kuwala kukukhota pakona ngati njinga. Ukufuna sukulu yathu akaiseke mumzinda?"

Kamagalasi anayesanso, koma chibwibwi chinamugwira. Anangoloza timawu tapansi pa chithunzi. Ahedi anati aliyense angathe kulemba timawu.

Tsiku lomwelo dzina la Kamagalasi linachotsedwa pa mpikisano, ndipo bambo ake analemberedwa kalata. Wailesi anapatsidwa fomu ya chilolezo kuti makolo akasaine. Amayi ake anasaina mosafunsa zambiri, poganiza kuti mwina malo awonjezeredwa.

Poweruka tsikulo, Wailesi ndi Kamagalasi anakumana pageti. Maso a Kamagalasi anali ofiira kuseri kwa magalasi.

"U-ukayende bwino," anatero. "Tchati chako cha mwezi n'chokongola."

Bwenzi atamutukwana! Wailesi anangoti "zikomo" wa m'mano, n'kufulumira. Ngakhale pogonja, kamtsikana aka kankafuna kumuposa.

Lachitatu desiki la pafupi ndi tsache linali lopanda munthu. Lachinayi chimodzimodzi. Lachisanu chimodzimodzi.

4. Tambula ya Madamu

Madamu anabwerera Lolemba. Ataweruka ena onse, anaitana a kalabu m'chipinda cha sayansi. Patebulo panali zinthu zitatu: pepala loyera, tambula yagalasi ya tsinde lokhuthala, ndi kapepala ka mizere yofiira kaja.

Wailesi anakhala kutsogolo monga mwa masiku onse.

Madamu anadontheza kadontho kamodzi ka inki papepala loyera. "Madontho angati?"

"Limodzi!"

Ananyamula tambula ija, tsinde lake lili pamwamba pa dontholo. "Bwerani mmodzimmodzi. Suzumirani."

Anasuzumira. Dontho lija linali litatambasuka n'kukhala kamzere kokhota. Madamu atasuntha tambula pang'ono, linagawika pawiri. Atasunthanso, linasanduka kamphete.

"Ndamata?" anafunsa Madamu.

Ana anapukusa mitu.

"Galasi lapinda kuwala, basi. Tsopano onani chithunzi cha mnzanu. Madontho achikasuwa si nyenyezi. Lililonse ndi mlalang'amba, khamu la nyenyezi mabiliyoni. Apa milalang'amba yasonkhana mazanamazana m'gulu limodzi, kutali kosaneneka. Mukudziwa kuti chinthu cholemera chimakoka. Mukaponya mwala m'mwamba, dziko limaukoka. Gulu ili n'lolemera koopsa moti limakoka ngakhale kuwala kodutsa pafupi nalo, kuwalako n'kukhota. Limagwira ntchito ya tambula iyi."

Analoza kambedza koyamba.

"Kuseri kwa gululi, kutali kwambiri, kuli mlalang'amba wina, wabuluu. Kuwala kwake kwayenda zaka mabiliyoni kubwera kuno, ndipo panjira kunapeza gululi. Kwina kunalambalala kumanzere, kwina kumtunda, kwina kumunsi, ngati anthu olambalala chithaphwi. Konseko kunadzafika m'makina oonera zakuthambo amene anajambula chithunzichi, monga timawu tapansiti tikunenera. N'chifukwa chake tikuuona katatu, koma ndi umodzi."

"Ndiye kuti ndi mapasa ngati ife, Madamu?" anafunsa wamng'ono uja.

"Ayi. Inu ndinu awiri, pakamwa pokha ndiye pamodzi."

Ena anaseka. Mapasa sanaseke.

Madamu ananyamula kapepala kaja. "Chimene chandidabwitsa ndi ichi. Mnzanu uja anapeza timbedza tiwiri. Ine ndemwe ndinapeza tiwiri. Kachitatu aka, kotembenukaka, tonse kanatidutsa. Anakapeza ndi mwini cholembera chofiira. Munthu ameneyu ali ndi maso amene akatswiri a zakuthambo amawafuna. Akanabwera nako kwa mnzake, bwenzi tchati chathu chikupambana onse. Koma ana inu, mverani. Maso akuthwa akakhala pamwamba pa mtima wolemera ndi nsanje, chilichonse chodutsa pafupi chimapindika. Choona chimalowa chowongoka, n'kutuluka chokhota. Ndipo chikatuluka sichibwerera chokha. Amene anachipinda ndi amene amachiwongola."

Nkhope ya Wailesi inatentha. Theka la mtima linkafuna kukuwa kuti maso amenewo ndi ake. Theka lina linkafuna kulowa pansi pa benchi.

"Ahedi ndawafotokozera, ndipo amvetsa," anapitiriza Madamu. "Koma m'mawa ndinapita kwa bambo a mnzanuyo. Fomu ya chilolezo anaing'amba tsiku lomwe analandira kalata. Akuti utsi sufuka popanda moto. Akuti aphunzitsi timabisa zinthu poteteza dzina la sukulu. Akuti sakhulupirira wina aliyense kupatula munthu amene anaona chinyengocho ndi maso ake, abwere yekha adzanene pamaso pawo. Mayina atumizidwa mawa masana. Ine sindikakamiza munthu, ndipo sindifufuza. Mwini cholembera akapanda kupezeka, Wailesi upita ndiwe. Fomu yako ndi yosainidwa kale."

Wailesi anacheukira Mapasa. Onse awiri ankayang'ana nsapato zawo. Mantha anali atawasoka pakamwa, ndipo ulendo uno akanakhaladi manda.

Ulendo unali wake. Chofunika chinali kungokhala chete.

5. Geti lobiriwira

"Ngati palibe funso, tiweruke," anatero Madamu, akutsuka tambula pasinki.

Mabenchi anakwekwereza. Zikwama zinakwera kumisana. Wailesi anatsegula chake n'kuona fomu ija ili bwinobwino pakati pa buku la masamu kuti isakwinyike. Anaitulutsa. Anayang'ana siginecha ya amayi ake. Anzake anali atafika kale pakhomo.

"Madamu."

Madzi apasinki ankasokosa.

"Madamu, cholembera chofiira chija n'changa."

Madamu anatseka mpopi. "Sindinamve. Pofalitsa paja unkakweza mawu. Kwezanso."

Amene anali pakhomo anabwerera. Wailesi anakweza mawu.

"Ndine ndinazunguliza. Pepalalo ndinalitola mushopu ya amayi, iwo atandiletsa. Ndinkaganiza kuti wamata. Sindinamufunse chifukwa ndinkafuna kuti zikhale zoona."

"Heee!" anatero wina kumbuyo. Madamu anamuyang'ana kamodzi, ndipo anakhala chete.

Wailesi anaika fomu yake patebulo. Dzanja linkakana kuisiya, koma anaisiya.

"Udziwiretu chinthu chimodzi," anatero Madamu. "Ngakhale bambowo akane, iwe supita. Sukulu ikhala yopanda woiimira. Sindinganyamule munthu amene anakwera pamsana pa mnzake."

"Ndikudziwa, Madamu. Pepani."

"Pepani wakoyo usamuthere pa ine. Ali ndi mwini wake." Anatsegula kabati n'kutulutsa fomu ina yosalemba. "Ukadutsa pamalo otsukira magalimoto, ukhotere kumanja. Nyumba yachitatu, ya geti lobiriwira. Ndikanakuperekeza, koma anenetsa kuti safuna kuonanso mphunzitsi."

Palibe anamutsatira. Mapasa, amene tsiku lililonse ankayenda naye mpaka pamphambano, anatulukira geti lakumbuyo.

Dzuwa linali likadali pamwamba. Wailesi anayenda akuyeseza mawu. Akayamba ndi "pepani," ankaona kuti n'zochepa. Akayamba ndi milalang'amba, ankasokoneza pakati. Anadutsa otsuka magalimoto, madzi a sopo n'kumunyowetsa nsapato, koma sanaime. Nyumba yoyamba. Yachiwiri.

Geti lobiriwira linali lotseka. Anagogoda pang'ono, ngati munthu wofuna kuti asamveke. Kenako anagogoda zenizeni.

Loko inalira. Potsegula panaima bambo wamtali, wamapewa otakata, atavala yunifolomu ya oyendetsa basi. Kumbuyo kwawo, pakhonde, panali sutikesi yomanga ndi chingwe, bulangete lopinda lili pamwamba. Pambali pake panakhala Kamagalasi, atavala zovala za paulendo, manja ali pamaondo.

"Ukufuna ndani?" anafunsa bambowo.

"Ndabwera kwa inu, bambo. Ndine... ndine amene ndinayambitsa nkhani ya chithunzi ija."

Kamagalasi anadzuka pang'onopang'ono. Anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

Bambo aja anayang'ana fomu imene inali m'manja mwa Wailesi, kenako wotchi yawo.

"Ameneyu ndikukamusiya kwa alongo anga, akaphunzire kumeneko. Kuno wandichititsa manyazi okwana. Basi yanga inyamuka pakatha theka la ola." Anakankha geti ndi phazi mpaka linatseguka lonse. "Lowa. Zimene unaonazo uzinene pano, iye akumva."